Tsiku limene ndinatola mpira wa eni ake

Mpaka lero sindivomera kuti ndinalakwa. Amuna anga amati ndinalakwa, ana anga amati ndinalakwa, ndipo ndimamva kuti m'malamulo a gofu muli ndime yonena za anthu ngati ine. Koma ine ndinaleredwa kuti chinthu cha munthu chikagwera pamapazi pako, umatola n'kukamupatsa mwini wake. Palibe anandiuza kuti kuli masewera ena kumene ulemu umakhala mlandu.

Zinali zaka zimene chuma cha dziko la Ireland chinagwa chagada. Tinkakhala ku Tyrrelstown, m'nyumba zofanana ngati mazira, zimene zina mwa izo amuna anga anamanga nawo ndi manja awo. Titangofika ku Dublin ntchito yomanga inali mbwee, moti munthu ankachita kusankha bwana. Kenako zinangoti zii. Nyumba zina zinasiyidwa zopanda mawindo, udzu n'kumera pakhomo, ndipo amuna anga anayamba kukhala pawindo lathu kuyang'ana mvula. Ine ndinali ndi mwayi, chifukwa ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Lucan, ndipo ukalamba sudziwa kuti chuma chagwa.

Msuweni wawo wa ku England ndiye anatilowetsera njoka m'nyumba. Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa foni inkalira, iye n'kumawauza kuti kumeneko kuli ntchito yonyamula katundu, angopita basi. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza sutikesi yaikulu ija, imene inkakhala pamwamba pa wadiropu, yatsitsidwa ndipo yaima kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

"Kodi iyi ikupita kuti?" ndinafunsa.

"Mayi, mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda," anatero osandiyang'ana.

"Kabudula wanuyo athere konkuno, ndizimuona."

Anaseka pang'ono, koma sutikesi sinabwerere pamalo pake. Ine ndinkaopa, ndipo sindibisa. Ndinali nditawaona amayi anzanga a kutchalitchi amene amuna awo anapita kwa miyezi yochepa, miyezi n'kusanduka zaka, foni n'kuyamba kulira mwa apo ndi apo. Tinali ndi ana awiri a sukulu, ndipo sindinawoloke nyanja zonsezi kuti ndidzakhale mbeta ya mphete pachala.

Kuntchito kwanga kunali wansembe wina wokalamba, mzungu wa konkuno, amene anatha moyo wake wonse m'maparishi a kwathu ku Malawi. Tonse tinkangowatcha Abambo. Miyendo inali itawakana, ankayenda panjinga ya olumala, koma pakamwa panali pamoyo. Chichewa chawo chinali cha kumudzi kwenikweni, chimene ngakhale ine ndinali nditayamba kuchiiwala. Ndipo munthu ameneyu ankakonda gofu kuposa chakudya. Ukalowa m'chipinda mwawo masana, unkapeza tivi ili pa udzu wobiriwira, iwo akukalipira anthu amene sakuwamva.

Kwa iwo ndi kumene ndinaphunzira kuti gofu ali ndi mabungwe akuluakulu awiri, lina la kuno ku Ulaya, lina la ku Amereka, ndipo ankalimbirana osewera ngati akazi apamitala. La ku Amereka linali ndi thumba lalikulu, ndiye mnyamata akangotchuka kuno, chaka chamawa umamva kuti wagula nyumba kutsidya. La ku Ulaya nalo, poona kuti makampani a kuno auma m'manja, linayamba kunyamula mipikisano yake kupita nayo kumayiko a chipululu ndi kum'mawa kwenikweni, kumene ndalama zinali zikadalipo.

"Taonani, mayi!" ankatero Abambo, chala chili pa tivi. "Akuti mpikisano wa ku Ulaya, koma kumbuyoko kukudutsa ngamira! Udzu akuchita kuuthirira ngati dimba la tomato. Gofu wathu watengedwa ukapolo."

"Nanga inu, Abambo, simunachoke kwanu kupita kwathu?"

"Ine ndinapita kukafuna anthu, osati ndalama. Musandiyerekeze ndi anyamata adyerawa."

Ndinkawaputa dala, chifukwa akapsa mtima ankadya bwino. Koma mumtima ndinali mbali yawo. Mnyamata aliyense amene ankamunena kuti wathawira ku Amereka, ine ndinkaona amuna anga atanyamula sutikesi. Tsiku lina ndikuwakonzera pilo, iwo ali pakati pa ulaliki wawo wonena za anthu osiya kwawo, misozi inangoyamba kutsika yokha m'maso mwanga. Anazimitsa tivi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndiwafotokozere.

Atamva zonse anati ndiwapatse foni. Mwana wa mchemwali wawo anali kapitawo wa anthu osamalira udzu pabwalo lina lalikulu la gofu, kupitirira Lucan, ndipo chilimwe chimenecho pabwalopo pankabwera mpikisano wa akatswiri, umodzi mwa yochepa imene inali isanathawe. Pa sabata ya mpikisano pankafunika aganyu ambiri, ndipo ukatha ankatsalapo mmodzi kapena awiri olembedwa ntchito. Abambo anayankhula naye m'Chingelezi chachangu, chokalipa, n'kundibwezera foni.

"Auzeni bambo akunyumba apite. Akagwire ngati munda wawo."

Amuna anga atamva kuti ntchito yake ndi yosalaza mchenga, anagwira pakamwa. Pabwalo la gofu pamakhala maenje a mchenga woyera, okumbidwa dala kuti mpira uzikodwamo, ndipo wosewera akapondamo pamafunika munthu wofufuta mapazi akewo ndi leki.

"Ine, munthu womanga nyumba zosanja, ndikapalase mchenga ngati nkhuku?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," ndinawayankha. "Wa ku England uja ndi wa mphepo."

Tinapangana. Akawasunga pantchito mpikisano ukatha, sutikesi ibwerera pamwamba pa wadiropu. Akapanda kuwasunga, ndiwaperekeza ndekha kubwalo la ndege ndipo sindiyankhulanso. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito ija inawakoma. Ankadzuka kusanache, n'kubwera madzulo nsapato zili mchenga wokhawokha, nkhope ikuwala. Patebulo nkhani inali ya udzu. Ankatiuza kuti udzu wa pafupi ndi kadzenje kolowetsamo mpira amaumeta tsiku lililonse mpaka kusalala ngati bulangete, ndiponso kuti mchenga uli ndi kasalazidwe kake, suchita kukokera paliponse. Ana ankayang'anana n'kumati, "Dad, it's just sand," iwo n'kumati ana a masiku ano sadziwa kanthu. Nyumba yathu inamvekanso kuseka.

Abambo anapeza matikiti awiri a Loweruka, n'kupempha kuti wowakankha panjinga ndikhale ine. M'mawa wa tsikulo amuna anga anandiimika pakhomo ngati mwana wopita kukalasi yoyamba.

"Tamverani, mayi. Kumene kuja si ku ukwati. Phone muzimitse. Munthu akamamenya mpira, osatsokomola. Mukandiona, osandiitana, ife ogwira leki anatiuza kuti tisamaoneke n'komwe. Ndipo chonde, chonde, nthungululu zanu zija muzisiye panyumba."

"Mukundiyesa wosayenda ine?"

"Ndikukudziwani."

Ananena zonsezi, koma za mpira sananene. Abambo nawo anandilalikira njira yonse m'galimoto za mbiri ya gofu, koma za mpira sananene. Amati safunsa anadya phula, koma munthu ungafunse bwanji chinthu chimene sukudziwa kuti chilipo?

Ndinavala chitenje changa chatsopano, pamwamba n'kuponyapo jekete la mvula, chifukwa kuno chilimwe ndi dzina chabe. Titafika ndinaima kukamwa kuli yasa. Anthu anali ngati nyerere, maambulera amitundumitundu, udzu wokongola moti ndinkachita manyazi kuupondapo. Koma chimene chinandizunguza mutu ndi bata lake. Bambo wina akangokweza kachikwangwani m'mwamba, khamu lonse lija linkati chete, kuposa pamaliro, chifukwa pamaliro pamamveka ndi wolira yemwe. Kenako kamveke tha, mpira uwuluke, anthu awombe m'manja pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Kangapo konse nthungululu inafika pakhosi, ine n'kuimeza.

Osewera anali ochokera kulikonse. Ena ankayankhula zinenero zimene sindinazimvepo. Abambo ankawadziwa onse, koma ankawerenga kwambiri amene kunalibe.

"Uja kulibe, ali ku Amereka. Winanso uja kulibe. Kwawo kuli phwando, iwo akudya kwa eni. M'malo mwake atibweretsera ana awa oti sitidziwa ndi kwawo komwe."

Ndinakankha njinga ya Abambo mpaka tinafika pamalo pamene amuna anga ankagwira. Ndinawaona chapatali, ataima pambali pa dzenje lawo la mchenga, leki ili m'manja, atavala yunifolomu yobiriwira ndi kapu. Anali ataongoka ngati msilikali. Mtima wanga unadzaza, ndipo ndinasunga pangano, sindinawaitane. Tinakhala kuseri kwa chingwe chotchingira anthu, Abambo ndinawafunditsa bulangete, ndipo posakhalitsa mpweya wozizira uja unawagoneka.

Ali m'tulo choncho, munthu wina anakuwa chapatali, anthu onse n'kugwira kumutu. Ndinamva phu pa udzu. Kampira koyera kanadumpha chingwe, kanadutsa pakati pa miyendo ya anthu, kanagubuduka pamatope, n'kudzaima patsogolo penipeni pa nsapato yanga.

Anthu onse anabwerera m'mbuyo n'kupanga bwalo, maso ali pa kampira kaja ngati ndi njoka. Panali azibambo amphamvu zawo, panali achinyamata, koma palibe ndi mmodzi yemwe anawerama. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinaona mwini wake akubwera wapansi, mnyamata wochepa thupi wa kum'mawa kuja, nkhope yodandaula, wonyamula chikwama chake akumutsatira. Ndinati mumtima, anthu awa ndi otani? Mwana wa eni wachokera kutali, chinthu chake chagwera m'matope, onse angoti tong'o kumuyang'ana? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndinawerama n'kutola. Ndinamva anthu akukoka mpweya onse pamodzi, koma ndinayesa kuti akudabwa ndi khalidwe labwino. Mpira unali ndi matope, ndipo munthu supereka chinthu chakuda, ndiye ndinaupukuta bwinobwino ndi nsonga ya chitenje mpaka unawala. Kenako ndinapita kukakumana naye mnyamatayo, ndinagwada pa udzu wonyowa, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga anandiphunzitsira mayi anga, n'kunena kuti, "Sorry, my son. Here is your ball."

Phokoso limene linatuluka m'khamu lija sindidzaliiwala. Linali ngati la anthu oona mbale ya dothi ikugwa. Abambo anadzidzimuka, ndipo ndinamva mawu awo kumbuyo kwanga: "Mayo ine! Mayi, mwatani?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti chinachake chalakwika, koma ndinali nditagwada kale, ndipo munthu sudzuka chinthu chisanalandiridwe. Mnyamata uja anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana mpira, anayang'ana manja anga. Kenako anapatsira mnzake ndodo imene anagwira, anavula kapu n'kuipana m'khwapa, anatambasula manja ake onse awiri, n'kulandira mpira uja atawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda wanga. Ine poona ulemu wotere ndinaweramanso. Iye anaweramanso. Tikanatha tsiku lonse tikuweramirana pakanapanda mayi wina wachizungu amene anaphulika kuseka, ndipo kuseka kuja kunayenda m'khamu lonse, ena n'kuyamba kuwomba m'manja.

Koma si onse anaseka. Panafika kagalimoto kakang'ono, n'kutsikamo mkulu woona za malamulo, wailesi ili m'manja, nkhope ili psuu. Pambali pake panali kapitawo uja, mwana wa mchemwali wa Abambo, munthu amene anagwira tsogolo la banja langa. Mkulu wa malamuloyo anafunsa mokweza m'Chingelezi kuti mayi ameneyu wabwera ndi ndani. Abambo anayesa kuyankha, koma mawu a nkhalamba anamira m'phokoso.

Ndinaponya maso ku dzenje la mchenga. Amuna anga anali pomwe paja, ndipo palibe aliyense pabwalo lonselo amene ankadziwa kuti ine ndi iwo timadziwana, kupatula Abambo. Akanangoweramitsa kapu n'kupitiriza kusalaza mchenga, nkhani ikanathera pa ine. Ndinawapempha ndi maso kuti akhale pomwepo. Ndinali nditawaonongera kale zokwanira.

Anaika leki pansi. Anayenda pa udzu uja anthu onse akuona, yunifolomu ili pathupi, kudutsa pamaso pa kapitawo wawo, n'kudzaima pambali panga.

"She is my wife, sir," anatero, mawu osanjenjemera. Kenako anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi, "Dzukani, mayi, mawondo anyowa."

Miyezi yonse ija ndinkagona ndi munthu amene mtima wake unali kale pa ulendo. Pamenepo, pa udzu wonyowa, ndinamva kuti wabwerera. Ndinadzuka, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana moti sindinadziwe choti ndichite ndi nkhope yanga.

Mlandu wake sunali waukulu monga ndinkaopera. Mkulu uja anafotokoza kuti mpira umamenyedwa pamene wagwera, ndipo woonerera akausuntha umangobwezedwa pamalo pake, wosewera salangidwa. Anafunsa pamene unali, ndipo anthu onse aja amene anakanika kuwerama analoza ndi zala, aliyense katswiri. Mnyamata uja anaumenya bwino, unakagwera pa udzu wosalala uja, anthu n'kukuwa kuposa mmene ndinawamvera tsiku lonse. Amuna anga anabwerera ku leki yawo osayang'ana kumbuyo. Kapitawo anangokanda pachibwano n'kukwera kagalimoto kake.

Atalowetsa mpira m'kadzenje kaja, mnyamatayo anabwerera kuchingwe kudzandifunafuna. Anandipatsa mpira womwe uja, ndi manja awiri, ine n'kulandira ndi manja awiri.

Pobwerera Abambo anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi.

"Zaka zonse ndakhala ndikuonera gofu," anatero akupukuta misozi, "sindinaonepo mpira ukuperekedwa ngati nsembe ya pa Misa. Koma mwana uja analeredwa. Mwaona mmene analandirira? Ngati gofu akupita kwa anthu olandira ndi manja awiri, apite, ndamumasula."

"Nanga a ku Amereka aja mwawakhululukira?"

"Amenewo ayi. Musandipusitse."

Ine kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha, chifukwa ndinkaganiza za kunyumba. Nditafika ndinapeza ana amva kale, sindidziwa kuti anamva bwanji. Wamkulu anandichingamira pakhomo, manja ali m'chiuno: "Mum, you cleaned it? You actually cleaned it?" Ndinamuuza kuti akasese kuchipinda kwake.

Amuna anga anafika dzuwa likadalipo, poti kuno chilimwe limachedwa kulowa. Anavula nsapato pakhomo. Anasamba m'manja. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, mtima uli m'mwamba, ndikudikira chiweruzo. Anafika pamasitepe, anandiyang'ana, milomo inayamba kunjenjemera, kenako anangokhala pansi n'kuseka chikhakhali mpaka kugwira m'mimba.

"My son!" ankatero. "Here is your ball, my son! Mayi inu, mudzandipha!"

"Nanga a foreman ati chiyani?"

"Palibe. Angoti tionana Monday."

"Ndiye kuti ndakuonongerani ntchito."

Anadzuka n'kukwera kuchipinda. Patapita kanthawi ndinamva chinthu chikukwekwerezeka pansi, kenako mpando ukukokedwa. Mtima unandigwa, ndinati basi, ayamba kulongedza. Ndinakwera mothamanga, ndipo ndinawapeza ataima pampando, sutikesi ili pamutu, akuikankhira pamwamba pa wadiropu.

Ntchito ija anadzawapatsa ndithu, poyamba ya masiku ochepa pa sabata, ndipo pabwalo lonse ankadziwika kuti mwamuna wa mayi wogwada uja. Mpira uli m'kabati yagalasi pabalaza mpaka lero, pakati pa makapu a alendo. Koma madzulo amenewo zonsezi tinali tisanazidziwe. Lolemba linali lisanafike, ndipo pangano lathu linali lomveka bwino.

"Bambo, mukutani? Nanga akapanda kukusungani?"

Anatsika pampando, anadzipukuta fumbi m'manja.

"Andisunge, asandisunge, sindipita. Munthu wotola mipira ya eni ake, n'kuipukutanso ndi chitenje, ndingamusiye yekha m'dziko la eni? Pobwera ndidzakupezani kundende."

Nthungululu imene ndinaimeza tsiku lonse inatulukira pomwepo, yonse, m'kachipinda kathu ka ku Tyrrelstown. Ana anatseka makutu, mayi wa nyumba yoyandikana nafe anagogoda khoma, ndipo amuna anga sanandiletse.